Ndatsegula ROM koma mapu sindikuwaona: magemu akale ankasunga kuti dziko lawo?

"Akulu anga, ndine mnyamata wa ku Chilenje, ndikuphunzira za makompyuta pa koleji ina m'tauni muno. Tili ana kunyumba tinali ndi ka TV game ka makaseti achikasu aja, ndipo kuyambira pamenepo magemu akale sandichoka mumtima. Pa pulojekiti ya chaka chino ndikufuna kujambula mapu onse a gemu ya RPG (gemu ya ulendo yokhala ndi nkhani yaitali) ngati Final Fantasy yoyamba kapena Pokémon Red, kuchokera mu fayilo ya gemuyo, ndi kuonetsa mmene gemu imawamangira. Ndatsegula fayiloyo mu pulogalamu yoonera zithunzi za mu ROM, koma ndikungoona tizidutswa ta mitengo, zilembo ndi zinyalala zina zosadziwika mutu wake. Mapu palibe. Kodi fayilo yanga ndi yowonongeka, kapena laputopu yanga ndiyo yakalamba? Ndiyambire pati?"

Mphwanga, khazika mtima pansi. Fayilo yako ndi yabwinobwino, ndipo laputopu yako, ngakhale itakhala yogula kwa anyamata a ku Town Centre ina itagwirapo kale ntchito zaka zambiri, ili ndi mphamvu zoposa kutali zimene ntchitoyi ikufuna. Tizidutswa ta mitengo ndi zilembo waonato ndi umboni woti wafika pamalo oyenera. Pafupifupi aliyense amene amandibweretsera funso limeneli amakhala atagwa ulesi pa sitepe yomweyi, chifukwa amalowa mu ROM, fayilo yosunga zonse za mu kaseti ya gemu, akuyembekezera kupeza chithunzi cha dziko lonse chitagonekedwa penapake. Chithunzi chimenecho mulibe, ndipo sichinakhalemo. Muli manambala oloza manambala ena, amene nawonso akuloza tizidutswa tija, ndipo gemu imalumikiza zonsezi nthawi yomwe iwe ukuyenda.

Masamu okha akuuza chifukwa chake. Final Fantasy inatuluka mu 1987 pa Famicom, makina a Nintendo amene ku America anatuluka ndi dzina loti NES, omwenso ma TV game athu aja ankakopera. Dziko lake lakunja lili ndi timabokosi 256 m'litali ndi 256 m'lifupi, ndipo kabokosi kalikonse ndi mapikiselo 16 mbali zonse. Ndiye kuti chithunzi chonse ndi mapikiselo 4,096 kuchulukitsa ndi 4,096, kupitirira 16 miliyoni. Ngakhale utapatsa pikiselo iliyonse mabiti awiri okha (biti ndi 0 kapena 1, ndipo mabiti 8 ndi baiti imodzi), pakufunika 4 MB. Kaseti yonse inali 256 KB, ndipo mmenemo munali nyimbo, nkhani, zilombo, masitolo ndi pulogalamu yeniyeniyo. Makinawo pawokha anali ndi RAM, malo osungira zinthu kwakanthawi gemu ikamayenda, ya 2 KB. Anthu amene ankapanga magemuwa sankachita mwanzeru pofuna kudzionetsera ayi, kunalibe njira ina.

Pansi penipeni pali tailosi ya mapikiselo 8 kwa 8. Pa NES pikiselo iliyonse imatenga mabiti awiri, choncho tailosi imodzi ndi mabaiti 16, ndipo pikiselo ikhoza kukhala 0, 1, 2 kapena 3 basi. Imeneyi si mitundu ayi, ndi manambala chabe. Mtundu weniweni umabwera pambuyo pake kuchokera mu palette, kamndandanda ka mitundu yopakira, n'chifukwa chake pulogalamu yako yakuonetsa mitengo yotuwa kapena yofiirira mosayenera. Makinawo amaona matailosi amenewa m'magulu awiri a 256 nthawi imodzi, ndipo matailosiwa ndi tizidutswa waona tija. Sikirini ya NES ndi mapikiselo 256 kwa 240, kutanthauza matailosi 32 kwa 30, ndipo makinawo amasunga tebulo lotchedwa nametable la mabaiti 960, baiti iliyonse yonena kuti pamalo apa paikidwe tailosi nambala yakuti. Kumapeto kwa tebulolo kuli mabaiti ena 64 osankha mitundu.

Mabaiti 64 amenewa uwayang'anitsitse, chifukwa ndi amene anaumba maonekedwe a pafupifupi RPG iliyonse ya pa NES. Makinawo salola kusankha palette pa tailosi imodzi yokha. Amasankha pa dera la mapikiselo 16 kwa 16, matailosi anayi pamodzi, ndipo ma palette a pansi alipo anayi okha. Ndiye opanga magemu anangoti, popeza mtundu umasintha pa 16 kwa 16, tiyeni dziko lathu lonse tilimange ndi timabokosi ta 16 kwa 16. Kabokosi kotere anthu a ntchitoyi amakatchula kuti metatile. Mtengo umodzi, phiri limodzi, khomo limodzi, munthu mmodzi, zonse ndi kukula komweko, ndipo ukadina batani kamodzi umayenda kabokosi kamodzi. Penapake mu ROM pali tebulo lonena kuti metatile nambala yakuti ndi matailosi anayi awa, palette yake ndi iyi, ndipo munthu angapondepo kapena ayi.

Ukadutsa pamsewu ku Kalingalinga umaona oumba mabuloko. Chikombole n'chimodzi, koma mabuloko otulukamo amanga mpanda wonse, ndipo womanga safunika chithunzi cha buloko iliyonse, amangofuna pepala lonena kuti mzere uno mabuloko angati, windo pati, khomo pati. Zimene waona mu pulogalamu yako ndi zikombole. Chimene ukufunafuna ndi pepala la womanga lija, ndipo pepalalo ukalitsegula mu pulogalamu yoonera matailosi limaoneka ngati zinyalala, chifukwa si chithunzi. Zinyalala ukunenazo, zina mwa izo ndi mapu ako.

Tsono ngakhale kusunga baiti imodzi pa kabokosi kalikonse kunali kodula. Dziko la Final Fantasy likanadya mabaiti 65,536, gawo limodzi mwa magawo anayi a kaseti yonse. Apa ndi pamene kufinya kumalowera, ndipo njira imene magemu oyambirira ankakonda ndi RLE. Nzeru yake ndi yapafupi: m'malo molemba kuti madzi, madzi, madzi kokwana 40, umangolemba kuti madzi ka 40. Mu Final Fantasy, baiti ikakhala yochepera 80 ya mu hex (kalembedwe ka manambala kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi A mpaka F), ndi kabokosi kamodzi. Ikakhala 80 kapena kupitirira, uchotsepo 80 kuti upeze nambala ya kabokosi, ndipo baiti yotsatira ikuuza kuti kabwerezedwe kangati. Ukakumana ndi FF, mzere watha. Dziko limene nyanja yake ndi yaikulu chonchija limafinyika kwambiri ndi njira imeneyi.

Dragon Quest ya 1986, imene inafika ku America mu 1989 ndi dzina loti Dragon Warrior, inafinya mopitirira apo. Dziko lake, Alefgard, ndi timabokosi 120 kwa 120, ndipo baiti imodzi imagawidwa pakati: theka lakumanzere ndi mtundu wa malo, theka lakumanja ndi kubwereza kwake. Tiyerekeze kuti 4 ndi madzi. Baiti 4F ikutanthauza madzi ka 16, chifukwa kuwerenga kumayambira pa 0, ndipo F ndi 15. Ukaiwala kuwonjezera 1 ameneyu mizere yako yonse ifupika, dziko lituluka lopindika. Mwa magemu onse amene ndagwirapo, uyu ndiye ndimakonda kuphunzitsira, chifukwa ungathe kumasula mzere wathunthu ndi pensulo pa pepala la masamu, magetsi atathima.

Pali vuto limodzi ndi kufinya kotere. Mizere imasiyana kutalika, wina mabaiti ochepa chifukwa ndi nyanja yokhayokha, wina ambiri chifukwa wadutsa m'mapiri ndi m'mizinda. Gemu ikafuna mzere wa 90 siingawerenge kuchokera pa mzere woyamba nthawi zonse, ingachedwe. Choncho magemu onse awiriwa ali ndi tebulo la zolozera, mabaiti awiri pa mzere uliwonse, lonena pamene mzerewo wayambira. Tebulo limeneli ndi bwenzi lako lalikulu, chifukwa limadziwika ndi maso mu hex editor, pulogalamu yoonetsa mabaiti a fayilo: manambala awiriawiri okwera pang'onopang'ono mosabwerera m'mbuyo. Kumbukira kuti purosesa ya NES, ya mtundu wa 6502, imalemba baiti yaing'ono poyamba. Ukaona 00 82, adiresi yake ndi 8200.

Ndipo gemu siimasula dziko lonse nthawi imodzi, ilibe poika. Final Fantasy imasunga mizere 16 yokha yomasulidwa, mabaiti 4,096, mu RAM yowonjezera imene ili mu kaseti momwemo. Ukatsika sitepe imodzi kummwera, imamasula mzere watsopano n'kuulemba pamalo pa mzere umene watsala kumpoto. Kenako imasandutsa timabokosi ta mzerewo kukhala matailosi n'kuwalemba mu nametable m'mphepete, pamene maso ako sakuyang'ana kwenikweni, m'kanthawi kochepa kamene TV imakhala ikubwerera pamwamba kukayamba chithunzi china. Mizinda ndi mapanga ndi timabokosi 64 kwa 64, mabaiti 4,096 omwewo, ndiye amenewo amamasulidwa athunthu ukangolowa pakhomo. Mdima umene umauona polowa mumzinda uja, gemu imakhala ili pa ntchito imeneyi.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu n'chakuti zina zimene umaona pa sikirini mulibiretu mu mapu. Mu Dragon Warrior ya ku America nyanja ili ndi gombe lojambulidwa bwino m'mbali mwa mtunda, chinthu chimene ya ku Japan ya 1986 inalibe. Koma mu manambala a mapu, madzi ndi madzi basi. Pojambula kabokosi ka madzi, gemu imayang'ana anansi ake anayi, kumtunda, kunsi, kumanja ndi kumanzere, n'kusankha chithunzi cha gombe choyenera. Iwe ukamasula mapu molondola ndithu, nyanja yako ituluka yopanda gombe, ndipo uyamba kudzikayikira pachabe. Zotere zili mu pulogalamu ya gemu, ndipo kuti uzionetse uyenera kulemba lamulo lomwelo mu pulogalamu yako.

Tsopano Pokémon Red, imene ndikanakonda uyambire. Inatuluka ku Japan mu 1996 pa Game Boy, makina a sikirini ya mapikiselo 160 kwa 144. Kuno masitepe alipo atatu. Tailosi ndi 8 kwa 8 monga kale, munthu amayenda 16 kwa 16, koma mapu amamangidwa ndi mabuloko a matailosi 4 kwa 4, mapikiselo 32 mbali zonse. Buloko iliyonse imafotokozedwa ndi mabaiti 16 mu tebulo la mabuloko, ndipo mapu ndi baiti imodzi pa buloko, osafinya konse. Pallet Town, mudzi umene gemu imayambira, ndi mabuloko 10 kwa 9. Mabaiti 90. Nyumba ziwiri, labu ya Professor Oak, mipanda, maluwa ndi madzi akummwera, zonse m'mabaiti 90, ochepa kuposa zilembo za SMS imodzi yodzaza.

Dziko la Kanto silinasungidwe ngati mapu amodzi. Mudzi uliwonse ndi msewu uliwonse ndi mapu apaokha, okhala ndi mutu wonena kuti matailosi ake ndi a gulu liti, kutalika ndi kufupika kwake, pamene mabuloko ake ali, ndiponso oyandikana nawo kumpoto, kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo. Pa kulumikiza kulikonse palinso nambala yonena kuti mapu awiriwo asemphana ndi mabuloko angati. Ukamayandikira malire, gemu imakhala itakopera kale kachigawo ka mabuloko atatu ka mapu oyandikana nawo, ndiye suona msoko. Kumene kulibe woyandikana naye imadzazako buloko imodzi yobwerezabwereza, mitengo kapena madzi panja, mdima wakuda m'nyumba. Kuti ujambule Kanto yense, uyambire pa Pallet Town, uike Route 1 kumpoto kwake motsata nambala yosemphanitsa ija, kenako Viridian City, n'kumapita choncho mpaka zolumikiza zitatha. Tsiku limene udzaone dziko likutseka lokha mozungulira, msewu wochokera ku Cinnabar Island ukudzakumana ndi Pallet Town pamalo pake enieni, udzadziwa kuti masamu ako ali bwino.

Ndatchula Cinnabar, ndiye ndikuonetse kanthu pafupi, chifukwa kameneka kakhoza kukweza pulojekiti yako. Kabokosi kamene munthu waimapo kali ndi matailosi anayi, koma gemu siiyang'ana onse. Pofuna kudziwa ngati ungapondepo, imayang'ana ya pansi kumanzere yokha. Pa nkhani yokumana ndi Pokémon wam'tchire, mu gemu ya Chingelezi, imayang'ana ya pansi kumanja kuti idziwe ngati pali udzu kapena madzi, kenako ya pansi kumanzere kuti isankhe mndandanda wa za m'madzi kapena za mu udzu. M'mphepete mwa Cinnabar chakum'mawa, tailosi yakumanja ndi madzi koma yakumanzere ndi gombe. Gemu imavomera kuti pano ukhoza kukumana ndi chinthu, n'kupita ku mndandanda wa mu udzu, pamene dera limenelo lilibe mndandanda wotero. Imangowerenga zimene zinatsalira mu RAM, ndipo ngati unalankhula ndi mdala wa ku Viridian wophunzitsa kugwira Pokémon uja, zotsalirazo ndi zilembo za dzina lako. MissingNo., Pokémon wotchuka uja wotuluka chifukwa cha kulakwika kwa gemu, amachokera pamenepo. Pa sikirini suona chilichonse chachilendo. Koma ukajambula mapu n'kupaka utoto wosiyana pa matailosi awiri apansiwo, mzere wonse wa gombelo umaonekera poyera.

Final Fantasy nayo ili ndi kake. Zilombo za panja sizisankhidwa ndi kabokosi kamene waponda kokha, dziko linagawidwa m'madera 64, lililonse timabokosi 32 kwa 32, ndipo dera lililonse lili ndi zilombo zake. Kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Pravoka kuli kamtunda kolowa m'nyanja kamene nsonga yake inadumpha malire n'kulowa m'dera la zilombo zoyenera kukumana nazo kutsogolo kwambiri. Osewera anakapatsa dzina loti Peninsula of Power. Jambula mizere ya madera 64 aja pamwamba pa mapu ako, aphunzitsi ako aona okha chifukwa chake popanda iwe kufotokoza zambiri. Kwa ine kujambula kopindulitsa ndi kumeneku, koonetsa zimene wosewera saona: poponda ndi posaponda, makomo ndi kumene amatulukira, madera a zilombo, poima anthu ndi mabokosi a chuma. Zambiri mwa izi zimasungidwa padera, m'mindandanda yawoyawo.

Magemu ena anasankha njira zina, ndingokhudzako. The Legend of Zelda ya 1986, ngakhale ena amakana kuti ndi RPG, ili ndi masikirini 128 panja, 16 kwa 8, ndipo sikirini iliyonse imamangidwa ndi mizere yoimirira 16 yotengedwa mu nkhokwe ya mizere imene imagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Pa Super Famicom ya 1990, imene ku America ndi Super NES, zinthu zinakula: RAM ya 128 KB, zigawo zingapo za pansi zosanjikizana kuti munthu azitha kubisika kuseri kwa denga kapena mtengo, ndipo malo aliwonse pa sikirini amatenga mabiti 16, mwa amenewo 10 a nambala ya tailosi, 3 a palette, imodzi yonena chokhala pamwamba, ndi awiri otembenuza tailosi. Final Fantasy VI ya 1994 ndi Chrono Trigger ya 1995 zimafinya ndi njira za mtundu wa LZ, zimene zimati bwerera m'mbuyo mabaiti akuti ukopere akuti. Zimenezi suzimasula ndi maso. EarthBound ndiye inachita zakezake: mizinda, zipinda za m'nyumba ndi mapanga zonse zili pa mapu amodzi aakulu a mabuloko 256 kwa 320, ndipo khomo limangokuponya pangodya ina ya mapu omwewo. Zonsezi uzisiye kaye mpaka chaka chamawa.

Ndiye uyambire pati? Ena amangosewera gemu mu emulator, pulogalamu yosewerera magemu akale pa kompyuta, kujambula sikirini iliyonse n'kulumikiza zithunzizo. Mapu amatuluka okongola ndithu, koma sakuphunzitsa kanthu za mmene anasungidwira, ndipo pa pulojekiti ya koleji ine sindingakupatse malikisi ambiri. Njira imene ndimalangiza ndi yoyambira pa sikirini kubwerera m'mbuyo. Tenga emulator yokhala ndi zida zofufuzira, Mesen kapena FCEUX pa NES, BGB pa Game Boy. Zonsezi ndi zaulere ndipo n'zazing'ono, sizikumalizira bandulo. Tsegula windo loonetsa nametable, uyende sitepe imodzi, uone mzere watsopano ukulembedwa m'mphepete. Chita zimenezi kwa kanthawi osalemba khodi iliyonse. Kenako tsegula windo loonetsa RAM, ulowe mumzinda, uone dera limene lasintha lonse nthawi imodzi. Amenewo ndi mapu omasulidwa kale, ndipo gemu yakuchitira ntchito yovutayo. Uwakopere mu fayilo, adzakhala muyeso wako: pulogalamu yako yomasula ikadzatulutsa mabaiti ofanana ndendende ndi amenewa, walondola.

Sitepe yachiwiri ndi imene anthu amaidumpha chifukwa chothamangira zokongola. Usayambe ndi matailosi. Lemba kapulogalamu ka Python ndi Pillow (chida cha Python chopangira zithunzi) kopatsa nambala iliyonse mtundu wakewake, kabokosi kamodzi pikiselo imodzi. Zilibe kanthu kuti udzu watuluka wofiira. Ngati manambala ali olondola, maonekedwe a dziko aoneka pomwepo, nyanja, zilumba, misewu. Ngati alakwika, chithunzicho chikuuza polakwika. Chikapendekeka ngati chakankhidwira mbali imodzi, walakwitsa kufupika kwa mzere, sintha nambalayo pang'onopang'ono mpaka chiwongoke. Chikayamba bwino kumanzere n'kusokonekera kumanja kwa mzere uliwonse, vuto lili mu kumasula RLE. Chikakhala mchenga wokhawokha, uli pamalo olakwika mu fayilo.

Kukhala pamalo olakwikaku kawirikawiri kumachokera pa zinthu ziwiri. Fayilo ya .nes ili ndi mutu wa mabaiti 16 kutsogolo umene sunali mu kaseti, ndipo mafayilo ena a Super NES ali ndi wa mabaiti 512. Chachiwiri ndi mabanki. Purosesa ya NES imaona 32 KB yokha ya pulogalamu nthawi imodzi, choncho kaseti ya 256 KB imasinthanitsa zigawo za 16 KB pa adiresi ya 8000 mpaka BFFF. Ndiye 8200 uja si malo a mu fayilo. Uchotse 8000, uwonjezere nambala ya banki kuchulukitsa ndi 4000 ya mu hex, uwonjezerenso 16 wa mutu uja. Pa Game Boy banki yosinthika ili pa 4000 mpaka 7FFF ndipo palibe mutu wowonjezera. Ulembe ka function kamodzi kochita masamu amenewa, usamawerengere pamtima.

Zikatheka zimenezo ndiye ubweretse tebulo la metatile, kenako matailosi, palette pomaliza. Pa matailosi chenjera ndi kasanjidwe. Pa NES mabaiti 8 oyamba ndi biti yaing'ono ya mizere yonse isanu ndi itatu, 8 otsatira ndi biti yaikulu. Pa Game Boy mabaiti awiriwo amatsatana mzere ndi mzere. Kukula n'kofanana, mabaiti 16, koma ukasinthanitsa mitengo imatuluka yong'ambikang'ambika. YY-CHR, pulogalamu yoonera matailosi, ikhoza kukuthandiza kutsimikiza kuti wasankha kasanjidwe koyenera. Gawo lililonse ulisunge ngati chithunzi chapadera, manambala paokha, mabuloko paokha, poponda paokha, kenako uzisanjikize mu Tiled, pulogalamu yomangira mapu a matailosi, kapena pa tsamba losavuta la HTML lokhala ndi mabatani oyatsa ndi kuzimitsa gawo. Ndipo khodi yako uziiponya pa GitHub pafupipafupi, ukudziwa wekha mmene batire la laputopu yakale limachitira magetsi akapita.

Pali zoopsa zingapo zimene sindingakubisire. Masamba ambiri ogawa ma ROM ndi odzaza ndi mavairasi, ndipo gemu ya NES kapena Game Boy siibwera ngati fayilo ya .exe kapena .apk, ukaona zotero tseka. Magemuwa akadali ndi eni ake, Nintendo, Square Enix ndi ena, ndipo kuno kwathu kulinso lamulo la Copyright and Performance Rights Act. Njira yoyera ndi kukopera kuchokera mu kaseti yakoyako, ndipo mulimonse zikhalire usaike ROM mu pulojekiti kapena pa GitHub. Ika khodi yako ndi kufotokoza kwako, ndipo za zithunzi zotengedwa mu gemu ufunse aphunzitsi ako kuti koleji imalola zotani. Makaseti achikasu a magemu ambirimbiri aja usawadalire pa ntchitoyi, chifukwa magemu ake anasanjidwa mwina ndipo ena anasinthidwa. Ngakhale gemu imodzi yomweyo, ya ku Japan ndi ya ku America maadiresi amasiyana, choncho ulembe mu lipoti lako kuti unagwiritsa ntchito iti.

Nanga thandizo ulifune liti? Ukayesa kupeza tebulo la zolozera kwa masiku angapo osaphula kanthu, kapena ukaona kuti kufinyako si RLE wamba, usapitirize kulota manambala. Pamenepo pafunika debugger, chida chotsatira khodi ya gemu ikuyenda: uike breakpoint, chizindikiro choimitsira gemu, pa adiresi ya RAM pamene mapu amalembedwa, gemu iime, uwerenge khodi imene ikulembayo. Zimenezi zimafuna kudziwa assembly, chilankhulo cha purosesa, pang'ono, ndipo ola limodzi ndi munthu woidziwa limaposa mlungu wathunthu uli wekha. Funsa mphunzitsi wako wa kapangidwe ka makompyuta, kapena ufufuze pakati pa a computer science ku UNZA ndi anthu opanga mapulogalamu amene amakumana ku BongoHive. Pa intaneti, NESdev Wiki inafotokoza makina a NES mwatsatanetsatane, Pan Docs inachita chimodzimodzi pa Game Boy, ndipo gulu la pret linamasula Pokémon Red yonse kukhala khodi yowerengeka pa GitHub, pa dzina loti pokered. Pofunsa kumeneko utchule gemu, mtundu wake, adiresi imene wafika, ndipo uike chithunzi cha zimene zatuluka. Anthu amenewo amayankha msanga munthu amene waonetsa kuti wayesa.

Koma pokered usaitsegule poyambirira penipeni, mayankho onse ali mmenemo ndipo ikulanda phunziro. Sabata ino ingotenga Pallet Town. Peza mabaiti 90 aja, uwalembe pa pepala m'mizere 9 ya manambala 10, uime pakati pa mudziwo mu BGB n'kuyerekeza nambala iliyonse ndi zimene ukuona. Ukazindikira manambala a denga la nyumba yako, n'kuona kuti ya mnzako wopikisana naye ili ndi manambala omwewo, lemba kapulogalamu ka mitundu kaja, kenako uwonjezere Route 1 kumpoto. Final Fantasy ndi RLE yake ibwere ukamaliza Kanto. Ukafika pa tebulo la zolozera n'kukanika, undilembere, unditumizire mabaiti 32 oyamba a pamene ukuganiza kuti layambira ndi nambala ya banki yake.